Mphika Umodzi, Zitseko Zinayi

M'mudzimo nyumba zinkachuluka chaka ndi chaka, anthu akuchepa. Wozimanga anali mmodzi yemweyo, mmisiri wokalamba amene aliyense ankawatchula kuti a Levulo, chifukwa levulo yawo yoyezera kuwongoka kwa khoma sinkachoka m'thumba la ovolosi ngakhale popita kumaliro. Mwana wa m'mudzimo akapita kutauni n'kupeza kantchito, uthenga woyamba kutumiza kwawo unali womwewo: a Levulo andimangire ya njerwa zootcha, zipinda zitatu, denga la malata. Iwo ankamanga, kupulasitala, kukhoma zitseko. Mwini wake ankabwera tsiku limodzi, kujambulitsa pakhonde atagwira m'chiuno, n'kuwasiyira makiyi. Kubweranso kwake ndiye kuja kobwera m'bokosi. Makiyiwo anadzaza chitini cha penti chimene chinkakhala pansi pa bedi, ndipo atatu mwa iwo anali a nyumba za ana awo enieni.

Nyumba zonse zinalipo makumi asanu ndi awiri kudza imodzi, ndipo a Levulo ankazidziwa ngati zala za m'manja mwawo. Koma zokhalamo anthu zinali makumi anayi ndi ziwiri basi, zambiri mwa izo muli nkhalamba imodziimodzi yokhosomola yokha. Zotsalazo munkagona mileme ndi abuluzi. Sukulu anaitseka kalekale, ana atatsala asanu ndi anayi. Chimene chinatsala n'kachipatala ka chipinda chimodzi kumapeto kwa msewu, kokhala ndi benchi, sikelo, namwino mmodzi amene onse ankangomutchula Anesi, ndi firiji yoyendera dzuwa.

Firiji imeneyo ndiyo inkasunga moyo wa akazi awo a Levulo. Mayiwo anali ndi matenda a shuga, aja ofuna jakisoni tsiku lililonse, ndipo mankhwala ake akatenthedwa amatha mphamvu. M'mawa uliwonse a Levulo ankawaperekeza pang'onopang'ono mpaka pabenchi paja, Anesi n'kubaya, iwo n'kubwerera. Chipatala chachikulu chinali ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo galimoto inkafika m'mudzimo ikafuna yokha.

Ndiye tsiku lina Anesi anawaitanira pambali a Levulo. Anati kwabwera kalata yochokera kwa mabwana awo. Kubwera munthu wa kalembera kudzawerenga mabanja, ndipo mudzi wosakwana mabanja makumi anayi autsekera kachipatala, firiji n'kupita kwina kumene kuli anthu.

"Tilipo makumi anayi ndi awiri," anatero a Levulo.

"Muzipemphera kuti mwezi uno pasafe munthu," Anesi anayankha, osaseka n'komwe.

Awiri okha apamwamba, m'mudzi woti chifuwa chikangodutsa chimanyamula atatu. Munthu angakhazike mtima pansi ndi zimenezo? A Levulo anadya mutu masiku awiri, kenako anakoka chitini cha makiyi chija. Anasankha nyumba zisanu ndi imodzi za m'mbali mwa msewu. Analambula udzu, kusesa mabwalo, kumanga zingwe n'kuyanikapo malaya awo akale ndi madiresi a mayi. Kuseri kwa makhitchini anathirako phulusa, pamakomo n'kuikapo nsapato zakutha. Anagwira masiku anayi, msana ukulira.

"Bambo, ukalamba wonsewu mwayamba masanje?" akazi awo anawafunsa akusankha nyemba pakhonde.

"Masanje amenewa ndiwo jakisoni wanu."

"Nanga diresi langa lobiriwira lalakwanji kuti likaume kwa eni?"

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunali kwa pamano pokha. A Levulo anali ndi mantha, ndipo mayiwo ankadziwa.

Tsono muyenera kumva za bwalo lawo. Panali nyumba zinayi zoyang'anizana: ya a Levulo, ya alamu awo amene maso anachita khungu, ya a Telala amene makina awo anachita dzimbiri kusowa wosoketsa, ndi ya amake Mapasa, mayi wamasiye amene mapasa akewo anali kutauni onse awiri. Kale nyumba iliyonse inkasonkha moto wake. Koma akazi awo a Telala atamwalira, mayi a kwa a Levulo anawapeza bambowo tsiku lina akutafuna mbatata yaiwisi, moto utawakanika. Anabwera kunyumba atakwiya ngati wina wawatukwana. Anati pabwalo pano ndili moyo ine sipadzakhala munthu wodya yekha ngati mkaidi, nkhuni n'zomwezo, aliyense azibweretsa chimene ali nacho. Kuyambira pamenepo anthu asanu ankadyera mphika umodzi waukulu wakuda, pansi pa mtengo wa mango. Zaka zinayi zinatha choncho, ndipo mayiwo ankanyadira mphikawo kuposa chilichonse chimene anali nacho.

Wa kalembera anafika Lachiwiri m'mawa pa njinga yamoto. Anali mayi wachitsikana wovala chipewa, atakoleka m'khosi kamakina kolemberapo, choko ali nacho m'thumba. A Levulo anadzipereka kuti amuyendetse, popeza palibe wodziwa nyumbazo kuposa iwo. Atafika pa nyumba yoyamba ya masanje aja, mayiyo anayang'ana chingwe, anayang'ana nsapato, kenako anakweza maso pamwamba pa chitseko pomwe mavu anamanga chisa chachikulu chogwira chitseko ndi mphuthu yomwe.

"Agogo, anthu a muno amalowera pazenera?"

"Angochokapo pang'ono, mwanangu."

"Agona muno ndani dzulo?"

Munthu amene moyo wake wonse wakhala akugwetsa khoma chifukwa lapendekeka pang'ono, bodza akanalipitiriza bwanji? Mayiyo sanawanyoze. Anangodina kamakina kake n'kunena motsitsa mawu kuti midzi yonse imene wadutsa aona zomwezi, kwina mpaka kumangirira mbuzi pakhomo. Nyumba zonse zisanu ndi imodzi anazilemba kuti n'zopanda anthu. A Levulo anachita manyazi, koma anadzitonthoza mumtima kuti palibe chatayika. Makumi anayi ndi awiri aja analipobe, palibe amene anamwalira.

Dzuwa lili paliwombo anafika pabwalo pawo, chakudya chitapsa. Mayi a pakhomo anamukhazika mlendoyo pampando wabwino, n'kumupatsa mbale asanafunse kanthu. Wa kalembera anayang'ana anthu asanuwo, mphikawo, ndi zitseko zinayizo.

"Mumadyera pamodzi chonchi masiku onse, kapena n'chifukwa cha ine?"

"Masiku onse, mwanangu," anatero mayiwo, nkhope itawala. "Pano palibe wophika yekha."

"Ndifunsenso, amayi. Malamulo a ntchito yathu amati anthu okhala bwalo limodzi, odyera mphika umodzi, timawalemba banja limodzi, ngakhale azigona nyumba zosiyana. Palibe amene amaphikako kwake, ngakhale mwa apo ndi apo?"

Anafunsa pang'onopang'ono, akuwayang'ana mmodzimmodzi, ngati munthu wokutsegulira chitseko kuti utuluke. Koma kwa anthu aja funsolo linamveka ngati kufufuza ngati pabwalopo pali tsankho. A Telala anapukusa mutu, anati mphika wawo anausandutsa chomwera nkhuku. Amake Mapasa anati iwo sanasonkhe moto m'khitchini mwawo zaka zinayi, ndipo wonena zina ndi wamiseche.

"Chabwino. Nanga mutu wa banja limeneli ndani?"

Onse anatembenukira kwa a Levulo, ngakhale alamu osaona aja analoza ndi ndodo mbali yomweyo. Inu, mtima wa munthu ndi wopusa. Bambo amene ana ake atatu anamusiyira makiyi m'malo mwa zidzukulu, lero akumufunsa pamaso pa mlendo wa boma ngati ali mutu wa banja la anthu asanu. Chifuwa chinafufuma. Masamu onse amene anawasowetsa mtendere mwezi wathunthu anawathawa m'mutu nthawi yomweyo.

"Ndine," anatero, akukonza kolala ya ovolosi. "Lembani kuti ndine."

Mayiyo anawayang'ana kanthawi, kenako anadina. Atatha kudya anatulutsa choko n'kulemba nambala pa zitseko, anathokoza, n'kupitiriza ntchito kumtunda kwa mudzi yekha, chifukwa a Levulo miyendo inali itatopa.

A Levulo anazindikira dzuwa litapendeka, akutsuka m'manja. Pa chitseko chawo panalembedwa 17. Pa cha alamu, 17. Pa cha a Telala, 17. Pa cha amake Mapasa, 17 yemweyo. Anaima chilili, madzi akudontha m'zala. Mabanja anayi asanduka limodzi. Pa makumi anayi ndi awiri kuchotsapo atatu. Anawerenga pa zala kawiri.

Anathamanga, munthu amene anali asanathamange zaka makumi awiri. Anamupeza wa kalembera akumangirira chikwama pa njinga yake pafupi ndi kachipatala.

"Mwanangu, fufutani. Tinalakwitsa. Aliyense ali ndi khomo lake, kuyambira mawa aziphika yekha."

"Agogo, ndinafunsa kawiri."

"Munafunsadi. Ndine ndaphonya. Fufutani, ndakugwirani mwendo."

"Si pepala ili. Ndikamaliza mudzi ndimatumiza, ndipo zapita kale. Ine ndilibe mphamvu yozibweza." Anayang'ana pansi. "Mwatsala ndi limodzi lokha kuti mukwane. Pepani."

Madzi akatayika saoleka. Anesi analemba kalata yodandaula, a Levulo anasainira, ndipo yankho silinabwere. Patatha miyezi iwiri kunabwera lole. Anyamata anayi ananyamula firiji, kuzula zotengera dzuwa padenga, kukweza benchi ndi sikelo yomwe. Anesi anawapatsa a Levulo timabotolo ta mwezi umodzi, anawaphunzitsa kubaya, n'kuwauza kuti azitisunga mumtsuko wokwirira mumchenga wonyowa. Polankhula sankawayang'ana kumaso. Makiyi a kachipatalako anawasiyiranso iwo, n'kukalowa m'chitini muja.

Akazi awo sanawadzudzule ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo ndizo zinkawapweteka kwambiri. Akanawalalatira bwenzi zili bwino. Tsiku lina a Levulo akuthira madzi pamchenga uja anati, "Mayi, ndakuphani ndine."

"Musamatero, bambo. Mwana uja anafunsa zoona, ife tinayankha zoona. Mumafuna ndikane mphika wanga pamaso pa mlendo?"

Chaka chimenecho kunatentha moti mchenga unkauma masana asanakwane. Kokatenga mankhwala ena a Levulo ankapita okha, tsiku lopita, tsiku lobwerera, timabotolo atatikulunga m'nsanza yonyowa imene inkauma asanafike theka la njira. Ankabaya monga anawaphunzitsira, koma mayiwo ludzu silinkawatha, thupi likusungunuka, chilonda cha kuphazi chikukana kupola. Ankaphikabe atakhala pansi, amake Mapasa akuwanyamulira mphika. A Levulo anaimbira foni ana, ana anati tibwera ntchito ikachepa. Mayiwo anamwalira mvula yoyamba isanagwe, m'mawa, nthawi yomwe kale ankakhala ali pabenchi.

Ana anabwera ndi magalimoto, anagona masiku awiri m'nyumba zawo zija, kudandaula fumbi ndi mileme. Ponyamuka wamkulu anawaitanira pambali bambo ake n'kunena kuti khoma la kuchipinda kwake lachita mng'alu, akapeza mpata alikonze. A Levulo anangogwedeza mutu n'kulandira makiyi.

Mphika waukulu uja unakhala wovundikira pansi pa mango. Palibe amene ananena kuti tisiye kudyera pamodzi, zinangotha zokha. Amake Mapasa anati sangaphike pa mafuwa a mnzawo mwamuna wake ali pompo, anthu angamve bwanji. A Telala anakathamangitsa nkhuku n'kutsuka kamphika kawo. Alamu ankafufuza machesi ndi manja m'khitchini mwawo, kukana kuthandizidwa ndi munthu amene anati ndine mutu wa banja. Aliyense ankamuonera mnzake m'mbali mwa diso, aliyense akukumbukira chimene ananena tsiku lija.

Tsiku lina masana a Levulo anakhala pakhonde ndi kambale ka nyemba zosapsa bwino. Choko chija chinali chisanafufutike, chifukwa makhonde anawamanga okha, otalika bwino, osalola mvula kufika pachitseko. Anakweza maso n'kuona utsi ukutuluka m'makhitchini atatu, wachinayi uli wawo. A Telala anadutsa ndi kamtolo ka nkhuni, anaima, nawonso anayang'ana utsiwo.

"Lero ndiye tilipo mabanja anayi," anatero a Telala. "Akanabwera lero mwana uja, bwenzi titakwana."

"Bwenzi titakwana," a Levulo anavomera.

A Telala analowa m'nyumba mwawo n'kutseka chitseko. A Levulo anaika kambale kaja pansi, nkhuku zinabwera, iwo sanaziingitse.