Khoma la Achemwali Linamwa Penti

Mlamu wanga Wilson anatsika sitima pa Salima m'chaka cha 1952, atatha zaka zisanu ndi ziwiri ku Halale osalemba ngakhale kalata imodzi. Anafika kwathu ku Lifuwu ndi chipewa chopendeka, sutikesi ndi chitini cha penti. Penti, anthuni! Anzake amabwera ndi njinga.

Mkazi wake, achemwali anga a Fanny, sanamuthamangitse, komanso sanamulandire. Madzi akumwa anamupatsa, koma sutikesi inatsala pakhonde. Kuno mwamuna ndi mkamwini, nyumba ndi ya mkazi, ndiye katundu wako akakhalitsa panja umadziwa wekha kuti banja latha.

"Alamu," ndinamufunsa, "chitinichi tidya?"

"Sungamvetse iwe, Eveles. Ine ndapenta nyumba za azungu. Mtundu uwu ndi wa madona, wobiriwira koma wofatsa, wosalasa m'maso."

Anatsegula. Unali ngati tsamba la chinangwa la m'mbali mwa mseu, lija lagwira fumbi. Kukongola unali wokongola ndithu, koma sindinamuuze.

Atapempha kuti apente m'kati, achemwali anangoti, "Khoma ndi ilo," n'kupitiriza kupeta mpunga.

M'mawa mwake mkulu uja anavala ovolosi, bulashi m'manja, mluzu pakamwa. Kupaka kamodzi, penti uja zii! Kupakanso, zii! Khoma la dothi si la simenti la ku Halale, linkangomwa. Dzuwa lisanafike pamutu chitini chinali chitatsala pang'ono kutha, malo obiriwira ongokwana mphasa imodzi, nawonso mawangamawanga. Mluzu unatha. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi, koma kenako chisoni chinandigwira. Munthuyu analibenso china choti aonetse.

Achemwali analowa n'kuima nthawi yaitali, akungoyang'ana.

"A Fanny, khomali lamwa penti yense," anatero mlamu motsitsa mawu.

"Nanga inu mumayesa bwanji? Zaka zisanu ndi ziwiri lili ndi ludzu. Chitini chimodzi chingalikwane?"

Mlamu anazyolika. "Sichingalikwane."

"Eyatu." Achemwali anamuponyera dengu ndi khasu pamapazi. "Kudambo kuli dothi loyera. Muyambe mwazira khomali kawiri, liume bwinobwino, kenako tione katsala m'chitinimo."

"Kuzira? Ine, mwamuna? Anthu andiseka."

"Ine andiseka zaka zingati?"

Mlamu anavula chipewa chija n'kuchipachika pamsomali, kenako anatola dengu ndi khasu. Atangotuluka pakhomo, achemwali anamuitana, maso ali pa kachigamba kobiriwira kaja.

"Musanapite. Sutikesi yanuyo ikundisokoneza posesa pakhonde. Ilowetseni, koma muiike kutali ndi khoma, ingade ndi matope."