Ulusi Wofiira Pachitsime cha ku Soche

Jailos anali telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe, koma ankakhala kumunsi kwa phiri la Soche, nyumba yachitatu kuchokera pachitsime. Madzi ankatunga ndi pampu, ndipo chivundikiro cha chitsimecho chinali chokhomedwa ndi loko. Kiyi ankasunga a Kingsford Mataka, woyendera zaumoyo, amene ankayenera kuthiramo mankhwala mwezi ndi mwezi.

Mwana wake Sellina atatsekula m'mimba kachitatu, Jailos anatenga ulusi wofiira n'kukulunga loko uja kotero kuti munthu sakanatsekula osaudula. Miyezi isanu inatha. Ulusi unali pomwepo.

Komiti ya lokeshoni inkakumana Lachinayi loyamba la mwezi, ndipo lamulo linkalola anthu wamba kukhala pabenchi lakumbuyo n'kufunsa mafunso. Koma chinali chaka chimene ambiri anamangidwa chifukwa chotsutsa Chitaganya, choncho benchilo linkangokhala ndi fumbi.

"Achimwene, ife makolo athu anachokera kwa Apwitikizi," anatero Bonface, mnzake woyandikana naye nyumba. "Mukayankhula adzati bwererani kwanu. Nanga chiphaso chanu cha pakhonde amasaina ndani? Si a Mataka omwewo?"

Amuna anayi analonjeza kumuperekeza Jailos kumsonkhano wa komitiyo. Tsikulo Jailos anawadikira pamphambano mpaka dzuwa linakwera, kenako anapita yekha.

Kalaliki anawerenga kuti mankhwala ankathiridwa mwezi uliwonse. Jailos anaimirira, chipewa chili m'manja.

"A wapampando, ndinamanga ulusi pa loko mvula isanayambe. Sunaduke. Mankhwalawo amalowera pati?"

A Mataka anaseka. "Telala uyu zigamba zamuthera, tsopano akusoka chitsime."

Komiti yonse inaseka, kupatula wapampando, mphunzitsi wokalamba wotchedwa a Aloysius Chikaonda. Iwo anatseka buku n'kunena kuti chitsime sichili kutali.

Onse atafika pachitsimepo, anapeza ulusi utasuluka ndi dzuwa, utadya dzimbiri. A Mataka anaudula n'kulowetsa kiyi, koma kiyiyo anakana kuzungulira. Loko anachita kuswa ndi nyundo. Fungo limene linatulukamo linabweza aliyense m'mbuyo.

Chitsime anachikapa sabata yomweyo. Sellina anachira, n'kubwerera kusukulu. Koma mwezi wotsatira chiphaso cha Jailos sichinasainidwe, ndipo makina ake anawasenza kuchoka ku Limbe n'kuwaika pakhomo pake. Osoketsa anali ochepa. Amayi ankadutsa ndi ndowa zawo akudandaula kuti madzi akununkha mankhwala, maso ali kumbali. Bonface anayamba kuyenda njira yakuseri.

Lachinayi lina litakwana, Jailos anavala jekete, anadutsa pachitsime n'kukulunga ulusi wina pa loko watsopano. Kuofesi anapukuta fumbi pabenchi lakumbuyo, malo a munthu mmodzi, n'kukhala pansi.