Matebulo Awiri mu Foda Imodzi

Uthenga wochokera ku yunivesite unali waulemu kwambiri, monga mmene amakhalira mauthenga othamangitsa munthu. Unkati popeza Kafuku anamaliza maphunziro, akaunti yake ya sukulu itsekedwa kumapeto kwa mwezi, ndipo chilichonse chimene anasungamo pa intaneti chidzafufutidwa. Pomaliza anamufunira zabwino zonse.

Dzina loti Kafuku linali chidule cha Kafukufuku. Anamupatsa ndi achimwene ake ali wamng'ono, atamupeza ataphwasula wotchi ya pakhoma kuti aone chimene chimalira mkatimo. Wotchiyo sinalirenso, koma dzina linamukakamira.

Anatsegula akaunti ina yakeyake, nakhala pa benchi ya makasitomala mu shopu ya amayi ake, laputopu ili pamiyendo, n'kuyamba kusamutsa. Ntchitoyo sinali yovuta, kungoti yotopetsa. Ankakopera foda kuchokera ku akaunti yakale, n'kudikira kuti itsikire mu laputopu, kenako n'kuikweza ku akaunti yatsopano, n'kuona ngati zonse zafika. Amayi ake, telala wa madiresi, ankapalasa makina pafupi ndi zenera, mapini ali kukamwa. Anafunsa ngati katundu wa pa intaneti, wa kumitamboyo, amafunanso lole posamuka. Kafuku anayankha kuti ayi, amangofuna netiweki ndi munthu wosowa chochita.

Zolemba za m'kalasi zinadutsa mosavuta. Zithunzi za anzake nazonso. Ndiye anafika pa foda ina yotchedwa "Madiresi a ukwati", ndipo kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera kanayamba kukwawa ngati nkhono.

Fodayo ankaikumbukira. Anaitsegula ali chaka choyamba, nthawi ya ukwati wa achimwene ake. Masiku amenewo amayi ake ankasoka shopu imodzi ndi mng'ono wawo, amayi aang'ono a Kafuku. Mmodzi ankadula, wina ankasoka, ndipo Kafuku anawalowetsa onse awiri mu fodayo kuti azisungamo zithunzi za madiresi a mkwatibwi ndi operekeza. Anawaphunzitsa chinthu chimodzi chokha: mukajambula, dinani apa, chithunzi sichitayika. Ukwati unachitika. Pakati pa kuvina, zipi ya diresi ya mkwatibwi inaphulika kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, anthu akuona. Wodula anati wolakwa ndi wosoka, wosoka anati wolakwa ndi wodula. Sabata yotsatira amayi aang'ono anabwera ndi wilibala, ananyamula makina awo, ndipo kuyambira pamenepo awiriwa sanapatsanenso moni ngakhale pamaliro.

Choncho Kafuku ankayembekezera zithunzi zochepa chabe, zakalekale. Koma fodayo inali yodzaza, ndipo chithunzi chomaliza chinali chadzana.

Anayamba kuzitsegula chimodzichimodzi. Zina anazizindikira msanga, chifukwa tebulo la amayi ake lili ndi chipsera cha simbi pakona, chimene iye mwini anachiika ali ku sekondale. Koma zina zinajambulidwa pa tebulo lina, loyalidwa pulasitiki ya maluwa achikasu. Tebulo limenelo sanalionepo. Anakulitsa chithunzi china, ndipo m'mbali mwake munali sizasi yomangidwa kansalu kofiira pachogwirira. Padziko pano panali munthu mmodzi yekha amene ankamanga sizasi yake kansalu kofiira kuti wina asaibwereke.

Kafuku anaiwala zosamutsa. Anasanja zithunzizo potsata masiku, ndipo apa m'pamene nkhani inayamba kukoma.

Pa tebulo la chipsera panabwera diresi ya kolala yozungulira, yotukumuka pang'ono kumbuyo. Patangodutsa masiku ochepa, pa tebulo la maluwa panabwera kolala yomweyo, koma yogona bwinobwino. Kenako tebulo la chipsera linatumiza zipi, zipi yokha basi, yojambulidwa pafupi ngati munthu akuloza ndi chala. Tebulo la maluwa linayankha ndi zipi ina, diresi itatembenuzidwa kunja-mkati kuti msoko uoneke. Zinapitirira choncho chaka ndi chaka, manja a diresi, matumba, mabatani okutidwa ndi nsalu. Panalibe mawu olembedwa ngakhale amodzi, panalibenso nkhope ya munthu.

Panali nyengo ina imene tebulo la maluwa linangoti zii. Kafuku anaona masikuwo n'kukumbukira kuti ndi nthawi imene amayi aang'ono anathyoka mkono. Nyengo yonseyo tebulo la chipsera linkatumiza chinachake tsiku lililonse, kaya batani, kaya choko, kaya tebulo lopanda kanthu. Kenako tebulo la maluwa linabwerera ndi kampango kakang'ono ka mpendero wokhotakhota. Mawa lake tebulo la chipsera linatumiza kampango ka mpendero woongoka ngati wolemba ndi rula.

Kafuku anaseka yekha mpaka amayi ake anasiya kupalasa. Anatembenuza laputopu kuti aone, n'kufunsa ngati tebulo la maluwalo akulidziwa. Amayi anachotsa mapini kukamwa mmodzimmodzi, n'kuwabaya pa kapilo kawo mosafulumira.

"Zake zimangogweramo," anatero. "Ine ndimasunga zanga monga unandiphunzitsira. Iyeyo sadziwa n'komwe kuti ndimaona. Ndipo iwe usakamuuze."

"Nanga mumaoneranji?"

"Kuti ndidziwe mmene akuwonongera nsalu za anthu."

Kafuku anawafotokozera mmene zinthu zinalili. Zithunzi zonse zisamuka, palibe chitayike. Koma anthu sasamuka ndi mafayilo. Foda yakale ikafa pamodzi ndi akaunti ya sukulu, yatsopanoyo ikhala yake yekha, pokhapokha atawaitana onse awiri kachiwiri. Ndipo uthenga woitanawo umasonyeza poyera mayina a anthu amene ali mkatimo. Aliyense aona dzina la mnzake, n'kusankha yekha kudina kapena ayi.

Amayi anati zimenezo n'zake, iwo ali ndi madiresi a anthu oti amalize. Anabweza phazi pa makina, koma makina sanalire.

Mwezi unatha, akaunti yakale inatsekedwa pa tsiku lake, mwaulemu womwe uja. Kafuku anatumiza uthenga woitana kwa onse awiri. Amayi ake anadikira mpaka tsiku lotsatira, kenako anamupatsira foni uku akuyang'ana kumbali, n'kunena kuti adine zodinazo, koma cholinga n'choti zithunzi zawo zisungike basi. Madzulo omwewo anatumiza diresi ya buluu ya manja aatali.

Tebulo la maluwa silinayankhe.

Sabata imeneyo shopu inavuta kukhalamo. Amayi ankatenga foni, n'kuiyang'ana, n'kuiika pansi, n'kunena kuti mafoni a masiku ano ndi achabechabe. Anakalipira kasitomala wina chifukwa chonenepa pakati pa kuyeza ndi kutenga diresi. Anatumiza batani. Anatumiza choko. Tsiku lina, akusita, anafunsa khoma ngati anthu ena aja anadina kapena akunyada monga mwa nthawi zonse.

Kafuku nayenso funso limenelo linkamudya. Kodi amayi aang'ono anaona dzina la akulu awo n'kukana? Ngati zinali choncho, ndiye kuti iye, ndi kusamutsa kwake kwaukhondo, anadula kaulusi kokhako kamene kanatsala pakati pa awiriwa. Anakwera minibasi kupita kwa amayi aang'ono.

Amayi aang'ono ankasokera m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo, komwe mawu a makina ankapikisana ndi a anthu odula mapaipi. Tebulo la maluwa achikasu linali laling'ono kuposa mmene linkaonekera pa zithunzi. Anamulandira ndi kumuyeza ndi maso, n'kunena kuti siketi imene wavalayo anasoka ndi munthu wa manja abwino koma wa mtima wapachala. Kafuku atatchula za foda, anatseka chitseko kaye.

"Za akuluwo zimangogweramo," ananong'ona. "Sadziwa kuti ndimaona. Usakawauze, wamva?"

Kafuku analuma mlomo kuti asaseke, n'kufunsa chimene sanadinire.

Zinapezeka kuti anadina tsiku lomwelo, asanamalize n'kuwerenga komwe. Koma foni inawafunsa pasiwedi, ndipo iwo pasiwedi anaiona komaliza tsiku limene Kafuku anawatsegulira akaunti. Anayesa dzina lawo, anayesa dzina la makina awo, anayesa ngakhale dzina la malemu amuna awo, foni n'kumangokana. Kufunsa Kafuku sakanatha, chifukwa kukanakhala kuvomera kuti amaona zithunzi za akulu awo. Ndiye anangokhala, madiresi atatu ojambulidwa ali mu foni osowa kopita.

Kafuku anati vuto limenelo ndi laling'ono. Anadina poti munthu waiwala pasiwedi, ndipo foni inanena kuti itumiza manambala achinsinsi ku nambala ya foni imene inalembedwa potsegula akauntiyo. Inaonetsa manambala omalizira okha a foniyo. Kafuku anawayang'ana, n'kuwayang'ananso. Amayi aang'ono anasuzumira, ndipo nkhope inasintha. Nthawi ya ukwati ija foni yawo inali itabedwa, ndipo amene anati lembani yanga, ndife amodzi, anali akulu awo.

Manambalawo anali atapita kale. Pa nthawi imeneyo anali akuwala pa foni ina, pa tebulo la chipsera, ndipo pakapita mphindi zochepa akanatha ntchito.

Amayi aang'ono anati aimbe iyeyo, amayi ake amuwerengere, nkhani ithe. Zinali zomveka. Foni ya Kafuku inali m'chikwama, yodzaza moto. Anaikhudza ndi chala, n'kukumbukira wotchi ya pakhoma ija, imene anaitsegula kuti aone cholira ndipo sinalirenso. Anadziwa kuti zikhoza kutero. Koma ankafunitsitsa kuona.

"Yanga yazima, amayi. Imbani pa yanuyo."

Amayi aang'ono anamuyang'ana nthawi yaitali, monga mmene telala amayang'anira kasitomala amene akunama za kukula kwa chiuno chake. Kenako anatenga foni. Nambala sanaifunse kwa munthu, zala zinaikumbukira zokha. Anadina kuti mawu azimveka pokweza, n'kuiika foniyo pa maluwa achikasu ngati chinthu chotentha.

Inaitana kamodzi, kawiri. Kunja munthu wina anali kudula paipi. Kenako kuitana kunasiya, ndipo kunamveka kupuma kwa munthu.

"Achemwali," anatero amayi aang'ono, mawu atauma. "Kwabwera manambala pa foni yanu. Ndi anga."

Kafuku anamva kulira kwa mpando wa amayi ake, ndi kaphokoso ka magalasi akutsegulidwa.

"Ndawaona. Ndimaganiza kuti ndi za akuba."

"Tandiwerengereni."

Amayi anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, ngati akutchula miyezo ya diresi, ndipo Kafuku ankalemba pa foni. Atafika pakati anaima.

"Kolala ija ya mwezi watha, ya diresi yobiriwira, unaikhotetsa kumanzere."

"Ndinakhotetsa dala, ndione ngati maso anu akadalipo."

"Alipo. Ndipo matumba aja unatengera kwa ine."

"Ndinakonza anu, sindinatengere. Malizani manambala."

"Usandithamangitse, iwe. Mkono uja unapola bwinobwino? Mpendero wako mpaka lero umanjenjemera."

Amayi aang'ono anatenga sizasi yawo, n'kuyamba kukonzakonza kansalu kofiira kaja. Kenako anati mkono umawawa kukazizira, koma umasoka kuposa manja ena awiri amene akuwadziwa. Kuchokera pamenepo analowa nkhani ya zipi ya mkwatibwi, aliyense ndi umboni wake umene anausunga zaka zonsezi, ndipo ankadulana mawu ngati anthu amene anasiyira nkhaniyo dzulo.

Kafuku anayang'ana pa foni. Nthawi ya manambala aja inali itatha, theka lake lisanawerengedwe. Anakweza dzanja kuti awauze, koma palibe amene ankamuona. Ndiye anadina poti atumizenso ena, nasuntha mulu wa nsalu pa benchi, n'kukhala pansi kudikira kuti wina apume.