Mpweya wa M'phanga la a Bela

Ndinafika kutada. Basi inandisiya pamsewu, kumapiri kupitirira tauni ya Armadale, kuno kutsidya kwa nyanja. Kotsalako ndinayenda wapansi. Munali mu Malichi 2021. Ntchito yanga ku Northbridge inali itatha. Chipinda changa ku Bentley anali atapatsa wina.

Anandiitana ndi a Margreth, mayi a kutchalitchi kwathu. Ankasamalira a Bela, nkhalamba ya ku Hungary yopanga vinyo. Madalawo sankatulukanso m'nyumba poopa matenda. Pankafunika munthu wovundula mphesa m'migolo, m'mawa ndi madzulo. Malo ogona analipo. Ndinalibe kwina.

A Margreth anandionetsa khomo la phanga m'mbali mwa phiri.

"A Bela anasema okha ndi piki, zaka khumi ndi ziwiri. Akuti kwawo mwala wake ndi phulusa la phiri lophulika, wofewa ngati sopo. Anthu amasema nyumba momwemo, nkubadwira momwemo. Wa kunowu unawathyola msana."

Anandipatsira kandulo ndi machesi.

"Mphesazo zivundulidwe lero lomwe. Kanduloyi muziigwira cha m'mawondo, a Lamson. Ikazima, tulukani. Mphesa zikamawira zimatulutsa mpweya woipa, ndiye umakhala pansi."

"Foni yanga ili ndi tochi, mayi."

"Inu a ku Ndirande. Foniyo imapuma?"

Ndinaseka. Atatembenuka, kandulo ndinaiponya m'thumba.

Masitepe makumi awiri. Kuzizira. Makoma onse zipsera za piki. Pakona panali benchi yosema pamwala pomwepo. Migolo inayi yosavundikira.

Ndipo migoloyo inkapuma. Pang'onopang'ono, mokoka, mosokosera pakhosi.

Kupuma kumeneko ndinkakudziwa. Mu Januwale, mlongo wanga anaika foni pakamwa pa bambo athu, ali kayakaya ku Blantyre. Mawu analibe. Ndinamvetsera mphindi zisanu, foni nkuduka. Maliro ndinaonera pa WhatsApp, malire ali otseka.

Ndinavundula mgolo umodzi. Mutu unayamba kugunda. Chifuwa chinathina. Ndinakhala pabenchi paja. Tochi inkawalabe bwinobwino.

"Ababa," ndinatero. "Ndabwera."

Kupuma kuja kunayandikira. Sindinaope. Ndinkangofuna kugona.

"A Lamson." Mawu a a Margreth, kuchokera pamwamba. "Imirirani. Ine sinditsika, ndili ndi ana. Imirirani mukwere."

Anabwereza kangapo, mopanda chisoni. Ndinakwera ndikugwira khoma. Ndinasanza pa udzu.

Anandipatsa madzi. Anakalankhula ndi madala pazenera, nkubwerako.

"Akuti nawonso zinawachitikirapo. Mukhale ndithu, bola mumvere."

"Ndawamva bambo anga mmenemo."

"Ndi mphesa zimenezo."

"Ndikudziwa. Koma ndikufuna kutsikanso."

A Margreth anapita kukakhoma khomo lija, kiyi nkuika m'thumba mwawo.

Ntchitoyo inali yotsika kawiri patsiku. Ndinkadziwa kuti tsiku lina ndidzakhalanso pabenchi paja, ndipo sadzakhalapo wondiitana.

Kusanache bwino ndinamanga chikwama. A Margreth anali kale pakhonde atafunda chitenje.

"Mukupita kuti?"

"Kusiteshoni kaye."

Sanandiletse. Ndinavala masiki, ndinatsika phiri.