Kiyi wa Fulgencio

Mu ofesi yathu ku Asunción timasunga mapulojekiti asanu ndi anayi pa makompyuta akutali amene timati mtambo. Pulojekiti iliyonse ili ndi kiyi wake wachinsinsi. Ine ndisanalembe lamulo lililonse pa sikirini yakuda ija, ndimayamba ndafunsa kompyuta kuti ndili m'nyumba ya ndani, ndipo dzina la pulojekiti limatuluka m'zilembo zofiira.

Mnzanga wa kuntchito Fulgencio Arrúa ankaziseka zimenezi, ankati ndi kuyatsa makandulo. Iye anadzipangira kiyi mmodzi wotsegula paliponse, ndipo ankayenda naye ngati ndi iye anapatsidwa makiyi a Ufumu.

"Mayi Nidia, mwayatsanso makandulo anu?" ankatero akundipatsira kapu ya tereré, tiyi wathu wa masamba womwera madzi ozizira. "Imbani kaye nyimbo, mwina seva itembenuka mtima."

Ndinkamupempherera, koma ndivomere kuti mapemphero ena ankatuluka ndi mano olumana. Mwa mapulojekitiwo munali ya chipatala chaching'ono cha odwala impso. M'menemo ndi mmene muli mndandanda wa tsiku limene aliyense amabwera kudzatsukidwa magazi. Ukafufutika, anthu makumi asanu ndi limodzi sangadziwe tsiku lawo. Ndinamuchonderera kawiri kuti asiye kiyi wakeyo, iye n'kundiyankha ndi mluzu. Ndiye Lachitatu ndinachotsa mwakachetechete mphamvu yofufuta pa kiyi wake, ku mbali ya chipatala kokha.

Lachisanu m'mawa abwana athu, a Porfiria Cáceres, anamuuza kuti achotse pulojekiti yoyeserera imene tinathana nayo. Fulgencio anawongola zala, chipa, buledi wathu wa chinangwa, ali kukamwa.

"Bwana, penyani mmene amagwirira ntchito anthu osawerenga Masalimo."

Analemba lamulo osayang'ana n'komwe, n'kudina. Kompyuta inayankha kuti alibe chilolezo. Anadinanso. Inakananso.

"Ndani wagwira kiyi wanga?" anakuwa, nyenyeswa zikuwaza patebulo.

"Ndine, achimwene," ndinatero.

"Mwamva, bwana? Amayi a mapemphero ayamba kuba makiyi! Ntchito yanga yaima chifukwa cha iwowa."

A Porfiria anandiyang'ana moopsa, kenako anavala magalasi n'kuwerama pa sikirini.

"Fulgencio, tawerenga mokweza. Umafufuta chiyani?"

Anayamba ndi mawu a mlaliki wa pamsika, koma pofika pa dzina mawu anamuthera. Linali dzina la chipatala. Dzulo lake anagwirako ntchito ndipo sanatulukemo, kiyi wake wamkulu uja sanamufunse kanthu.

Goliati wathuyo anakhala pansi. Chipa anagwera pa kiyibodi.

Lilime linkandiyabwa kwambiri kuti ndimuseke, Ambuye andikhululukire. Ndinatsegula mndandanda wa odwala. Mayina onse analimo, kuyambira agogo a Eustaquia amene amabwera Lolemba m'mawa. Ndinathira madzi ozizira m'kapu ya tereré n'kumupatsira.

"Imwani, achimwene. Mukatha ndikuonetsani poyatsira makandulo."