Kamsilikali ka a Zakaria

"Musakhudze zimenezo, achimwene," anatero Christobel ali pakhomo, ndowa ikadali pamutu. "Masewerowo sanathe."

Everson anali atavundukula kale nsalu imene inaphimba bolodi la tchesi patebulo. Panali patapita masiku atatu chiikire maliro a bambo awo, a Zakaria, ndipo anthu odzapepesa anali atayamba kuchepa. Bolodilo a Zakaria anabwera nalo kuchokera ku Joni, kumene anaphunzira masewerowa ali gone m'chipatala, mwendo utathyoka mu mgodi. Lamulungu lililonse masana ankasewera ndi Che Alaudin, telala wa pa Songani, mpaka tsiku limene chifuwa chinawagwetsa pampando.

"Amalize ndani? Eni ake ali kumanda," anatero Everson. "Ndikaliika kunyumba ku Zomba, kuno lidyedwa ndi chiswe. Iwenso ukonzeke. Alamu ako ayamba ntchito mwezi wamawa, ana alibe wowayang'anira. Dimba la mpunga lija tipatsa ena azilima."

"Dimbalo ndi la amayi. Analisiya m'manja mwanga."

"Ndiye ukhala wekha muno mpaka liti? Wopanda mwamuna, wopanda sukulu?"

Christobel anatula ndowa pang'onopang'ono kuti madzi asatayike. Wopanda sukulu. Iye ndi Everson analemba mayeso omaliza a pulayimale chaka chimodzi, 1964, ndipo onse awiri anasankhidwa kupita kusekondale. Woyamba m'kalasi anali iyeyo. Bambo awo anangoti sangathe kulipirira ana awiri. Everson anapita ku Malosa, lero ndi kalaliki wovala tayi. Christobel anatsala. Anadwazika amayi ake mpaka kuwaika, analima, anachapa nsalu zimene a Zakaria ankatsokomolerapo magazi. Zaka zisanu ndi zitatu, ndipo bambowo sanaitchulepo nkhaniyo ngakhale kamodzi.

Panja panalira belu la njinga. Che Alaudin analowa atapanira kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Atapereka moni, anakhala pampando wawo wa masiku onse, maso ali pabolodi. Panatsala zinthu zitatu zokha: mfumu yawo yakuda ili m'mphepete, mfumu yoyera ya a Zakaria ili pafupi nayo, ndi kamsilikali koyera kamene kanatsala phazi limodzi kuti kafike mzere wotsiriza.

"Inali nthawi yawo yosuntha," anatero Che Alaudin. "Kamsilikali kakafika kumapeto, mwini wake amasankha chimene kasanduke. Anali atakweza dzanja pamene chifuwa chinawagwira."

"Apa palibe chovuta," anatero Everson. "Tinkasewera ku Malosa zimenezi."

Anakankha kamsilikaliko, natenga mfumukazi m'bokosi, naikhazika pamalopo mwamphamvu mpaka tebulo linagwedera.

Che Alaudin anapukusa mutu. "Taonani mfumu yanga, bambo. Palibe akuiopseza, koma ilibenso poponda. Zikatero masewero afa, palibe wopambana. Thukuta lonse la bambo anu lapita pachabe."

"Koma mfumukazi ndiyo yamphamvu kuposa zonse."

"Nsanja," anatero Christobel.

Sanakhalepo pabolodipo chibadwire. Anaphunzira ali chiimire kumbuyo kwa bambo ake, akudikira kuti atenge makapu a tiyi. Anachotsa mfumukaziyo, naikapo nsanja, yomwe imangoyenda m'mizere yowongoka. Che Alaudin anasunthira mfumu yawo pamalo amodzi okha amene anatseguka. Christobel anakankhira nsanjayo pakona, ndipo mfumu yakuda inalibenso kothawira.

"Basi," anatero telalayo motsitsa mawu. "Ndagonja."

Everson anaseka kamodzi, kuseka kouma. "Tchesi sadyetsa munthu. Loweruka ndibwera kudzakutenga."

"Musavutike, achimwene. Zaka zanga ndinapereka kale. Zotsalazi ndilima nazo mpunga."

"Ababa akanamva zimenezi..."

"Ababa munkawaona pa Khirisimasi."

Everson anatola jekete lake natuluka. Bolodi analisiya.

Che Alaudin anadikira mpaka mapazi a Everson anazimirira. Kenako anaika kaphukusi kaja patebulo.

"Ichi ndi chako, mwanangu. Chandilemera nthawi yaitali."

Christobel anamasula chingwe. Munali diresi la sukulu, la kolala yoyera, losavalidwapo, lonunkha m'sutukesi.

"Bambo ako anandisoketsa sabata imene makalata a kusekondale anabwera," anatero Che Alaudin. "Lako ndilo linayamba, za Everson ndisanadule n'komwe. Kenako amayi ako anayamba kudwala. A Zakaria anabwera kushopu nati, 'Lisungeni. Ndikamtumiza ameneyu, atisamala ndani? Mnyamata uja sangatunge ndi madzi omwe.'"

"Ndiye sizinali za kulipira."

"Ayi."

"Ananditsekera pano chifukwa ndinali waphindu."

Telalayo anayang'ana pansi. "Ankadziwa chimene anachita. Chaka chilichonse, sukulu zikamatsegulira, ankafika kushopu n'kundiuza ndilitulutse. Ankaliyala pamiyendo, n'kumawongola kolala ndi chala. Akatopa ankangoti, 'Bwezeranimo.'"

"Ine ndili pano ndikuwaphikira phala."

"Ndinkawauza kuti akuuze. Ankati akuuza akachira."

Christobel anafuna kulira, koma misozi inakana. Pamaliro analira ngati mwana aliyense. Anakumbukira mmene bambo ake ankamuyamikira kwa alendo, kuti Mulungu anawapatsa mwana wosadandaula.

Che Alaudin anadzuka, natsazika, natulutsa njinga yawo pabwalo osaimbanso belu.

Christobel anakhala pampando wa bambo ake, nayala diresilo pamiyendo. Linali laling'ono, la mtsikana wowonda amene iye sankamukumbukiranso bwino. Kolalayo inali itada mbali imodzi, pamene chala chinkadutsa chaka ndi chaka. Ananyowetsa nsonga ya chitenje m'ndowa, napukuta. Dothilo silinachoke.