Mlamu Wanga Pamaso pa Komiti

Ndinagwira ntchito yotayipa zaka khumi ndi ziwiri ku komiti yoona za mtendere pakati pa mayiko. Ofesi yathu inali pamwamba pa shopu ya matayala, ndipo fani ya m'chipinda cha misonkhano inkalira ngati mbuzi yomangidwa. Ine ndinkalemba zikalata zodandaula. Kwina kukaphedwa anthu, tinkati "tadandaula". Akapitirira chikwi, "tadandaula kwambiri". Mawu akuti "kupulula mtundu" sindinkaloledwa kuwalemba, chifukwa malamulo ankati akangolembedwa, mayiko ayenera kutumiza asilikali kukateteza anthuwo.

Chaka chimenecho kuphana kunayambanso m'dziko loyandikana ndi lathu, kachitatu chibadwire changa. Lolemba lina ndinapeza alamu anga, achimwene a malemu amuna anga, atakhala pakhonde ndi nsapato imodzi. Anali telala kutsidyako. Ankathawa pa basi ndi akazi awo ndi ana awiri aakazi, ndiye basi itaima iwo anatsika kukataya madzi patchire. Pobwerera anaona anthu a zikwanje akuwerenga ziphaso, a mtundu wawo akukwezedwa mu lole. Anagona mu ngalande mpaka lole inapita.

Nditawauza a wapampando, nkhope yawo inawala.

"Mboni yamoyo takhala tikuisowa, mayi. Abwere Lachitatu. Koma avale jekete."

Ndinawabwereka jekete ndi nsapato za malemu. Anaima kutsogolo kwa nthumwi zisanu ndi zinayi n'kufotokoza zonse, osalira, akungopotokola chipewa. Atamaliza, loya wa komiti anakweza cholembera.

"Bambo, anthuwo ankati akufuna kupha onse, kapena ambiri?"

"Pa wailesi ankati asatsale ndi mmodzi yemwe, bwana."

"Koma inu mwatsala."

"Ndatsala, bwana."

"Ndiye vuto lili pamenepo," anatero loyayo, akuyang'ana anzake.

Anakambirana mpaka masana. Nthumwi ina inati tilembe "zofanana ndi kupulula". Ina inafunsa kuti zofanana zingati zimakwana kupulula kumodzi, ndipo anasankha anthu atatu oti akafufuze zimenezo n'kudzapereka lipoti pakatha miyezi iwiri. Kenako tiyi anafika. Alamu anawapatsa mabisiketi awiri, wina aliyense imodzi.

A wapampando atamva kuti mlendoyo ndi telala, anatulutsa m'kabati chinsalu chachikulu cholembedwa kuti ZISADZACHITIKENSO. Sabata yotsatira kunali mwambo wokumbukira amene anaphedwa ulendo wapitawo, ndipo makoswe anali atachidya m'mphepete.

"Mungatisokereko, bambo? Timachigwiritsa ntchito pafupipafupi."

Ndinkaganiza kuti alamu akwiya. Iwo anangochitambasula pa tebulo, n'kuyeza ndi chikhatho.

"Nsaluyi yatopa, bwana. Ndikasoka apa ing'ambika apo."

"Ingoyesani."

Anapempha singano, anakhala pansi pakona n'kuyamba kusoka. Ine ndinapita pa kompyuta yanga ndi pepala la zomwe anagwirizana. Pamene panalembedwa "zochitika zodetsa nkhawa" ndinafufuta, ndinalemba "kupulula mtundu", ndinadinda chidindo cha a wapampando n'kutumiza ku mayiko onse ndi kwa atolankhani.

Mawuwo anakhala moyo maola anayi. Mafoni analira ofesi yonse. A wapampando anavula tayi, anavalanso, kenako anatumiza chikalata china chopepesa kuti wotayipa zala zinamuterereka. Anandiitana.

"Mayi, mukudziwa chimene mukanayambitsa? Tikanayenera kupitako."

"N'chimene ndimafuna, bwana."

"Ndikumvetsa. Nanenso ndili ndi ana." Anatulutsa mpango n'kupukuta m'maso, ndipo misoziyo inali yeniyeni. Kenako anandiuza kuti ndisiye makiyi pa tebulo.

Tinabwerera kunyumba wapansi, alamu ali pambuyo panga. Pakona ya msika anati, "Alamu, pepani, ndakuchotsetsani ntchito." Ndinawakalipira kuti asamayankhule zopanda mutu, kenako tonse tinakhala pa benchi ya osoka nsapato n'kulira, mwini benchiyo akutiyang'ana ndi msomali pakamwa.

Kuphako kunatha patapita miyezi isanu, ophawo atagonja kwa adani awo ena. Patapita miyezi inanso isanu ndi umodzi, komiti inalengeza kuti kunalidi kupulula mtundu, ndipo inaitana alamu kuti akaike nkhata ya maluwa. Anakana, anati ali ndi mathalauza a anthu oti asoke. Koma dalaivala wa komiti, amene anabweretsa kalatayo, anawanong'oneza kuti pakhoma pa holo ya mwambowo amatapo mayina a opezeka m'misasa ya othawa.

Tinapita. Mkati ankaimba nyimbo, ife tili panja, zala pa mapepala. Mayina analipo masauzande, osatsata ndondomeko iliyonse. Pa pepala la makumi anayi alamu anaima. Panali dzina longa la mwana wawo, koma lolakwika zilembo ziwiri, ndipo zaka analemba makumi asanu ndi limodzi m'malo mwa khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

"Ndi gogo uyu, alamu," ndinatero.

"Otayipa amalakwitsa," anayankha.

Tinakwera basi mawa lake kupita ku msasako. Anali mwana wawo wamkulu, wowonda, ali ndi chipsera pakhosi. Za amayi ake ndi mng'ono wake anatiuza patapita chaka. Pano amakhala kwathu, ndipo amadula nsalu bambo ake akamasoka.